Khadi la Atsibweni ndi Dzanja la a Solomoni

Musandiuze ine za a Josephat. Mukafunsa anthu a kuno ku Mkaika adzakuuzani kuti ndi munthu wosamala, mkulu wa mpingo, woti sagula ngakhale singano asanaitembenuze uku ndi uku. Eya, sakunama. Koma ine ndine Tabitha, mkazi wa mphwawo Solomoni, mwana wa mlongo wawo, ndipo kusamala kwawoko ndinakulawa ndi lilime langa.

A Josephat anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala china ku migodi. Jakisoni sanabayepo munthu. Ntchito yawo inali kuima pakhomo n'kumaitana mayina a odwala. Koma mmene ankabwerera kumudzi anabwera ngati munthu woti madokotala onse a m'Zambia anadutsa m'manja mwake. Anabweranso ndi jekete, tayi, ndi khadi lobiriwira la inshuwalansi ya bungwe lina la anthu opuma pantchito. M'khadimo analembetsamo mbumba yawo yonse, alongo awo ndi ana a alongo awo, amuna anga ali momwemo. Ankalipira mwezi ndi mwezi osaphonya.

Tsoka lake, m'mbumba imeneyo simunkadwala munthu. Anthu olimba ngati mipini. Wina akangotsokomola pamaliro, a Josephat maso tong'o, dzanja lili kale m'thumba la jekete. M'mawa mwake wotsokomola uja ali kumunda akupalira, iwo n'kubwerera kwawo atakhumudwa. Khadilo linkagwira ntchito kwa dokotala yekhayo amene anapangana ndi bungwelo, ndipo m'dera lathu lonse dokotala wotero anali mmodzi, kutali uko cha ku Vubwi.

Zinachitika m'chaka cha 1987, mvula ili pakati. Amuna anga anali mmisiri wa matabwa. Ngolo zambiri za kuno, zitseko, mabenchi a m'tchalitchi mwathu, zonse zinatuluka m'dzanja lawo lamanja. Tsikulo anapita ku chigayo cha a Moffat kukakonza chitseko. Lamba wa chigayo anavuka, a Moffat n'kuwapempha kuti awagwirireko. Injini inali isanaime bwino. Lamba anakola mkono wa malaya, nakoka dzanja lonse.

Mmene ndinkafika ndikuthamanga, chitenje chili m'manja, ndinapeza atawagoneka pamatumba. Sindifotokoza zimene ndinaona. Mwayi wake a Bwanali, a sitolo ya ku Katete, anali pomwepo ndi kagalimoto kawo akutsitsa mchere. Sanafunse zambiri, anangoti, “Nyamulani, tiyeni.” Tisananyamuke, a Moffat anatuma munthu panjinga kukadziwitsa a Josephat. Ndi mmene timachitira kuno. Mwamuna ndi wobwereka, eni ake alipo, ndipo mkazi sungapite naye kuchipatala ngati mbuzi yako.

Pa chipatala cha ku Katete tinalandiridwa ndi Dokotala Latifa Omar. Tonse tinkamudziwa. Bambo ake, a Omar, anachokera ku Malawi kalekale n'kutsegula sitolo pafupi ndi msika. Mwanayo anaphunzira udokotala ku Lusaka, kenako anapita kunja kukaphunzira za anthu ovulala pangozi. Malole akagubuduzika pamsewu waukulu, ovulala onse ankawatutira kwa iyeyu. Anagwira ntchito mwachangu osalankhula zambiri. Magazi anasiya, bala anatsuka, amuna anga anawabaya jakisoni mpaka kubuula kunachepa. Kenako anandiitanira pambali.

“Amayi, mtsempha waukulu waphwanyika, koma zala zikadali zofunda. Tikawachita opaleshoni lero dzuwa lisanalowe, dzanja likhala. Sindikulonjeza kuti zala zonse zidzagwira ngati kale, koma dzanja likhala. Tikachedwa, lifa.”

Ndinati, “Yambani, adokotala.”

Ndisanatseke pakamwa ndinamva belu la njinga panja. A Josephat analowa atavala jekete ndi tayi, miyendo ya thalauza atamanga ndi luzi. Munthu mphwake wagwidwa ndi chigayo, iye anapeza nthawi yomanga tayi! Mphwawoyo anangomuyang'ana pang'ono, maso n'kuyamba kuyendayenda m'makoma.

“Dokotala ali kuti?”

“Ndine, atate,” anayankha Latifa.

Anamuyang'ana kuyambira pampango mpaka kunsapato. “Iwe si Latifa wa a Omar? Si iwe unkandipimira mchere utakwera pa kabokosi kuti ufikire sikelo?”

“Ndine ndemwe, atate. Za mchere ndinasiya.”

“Nanga masetifiketi ali kuti? Khoma lili mbee ngati la m'bafa. Ku migodi dokotala unkamudziwa usanamuone nkhope, khoma lokha linkalankhula.”

“Ali m'sutikesi kunyumba. Kuno chiswe chimakonda mapepala.”

“Akatengedwe.”

Ine ndinkayesa akana. Koma mwana wa a Omar anaona kuti kukangana kudya nthawi yambiri kuposa kutuma munthu, ndiye anapempha nesi wina, a Ottilia, kuti athamange. Sutikesi inabwera. A Josephat anavala magalasi, nakhala pampando wa dokotala, n'kuyamba kuwerenga pepala lililonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, milomo ikugwedera. Lina analiyang'anitsa pazenera. Lina analinunkhiza, ndikunena zoona Mulungu akundiona. Panja mthunzi wa mtengo wa mango unali ukutalika.

“Mapepala si oipa,” anatero pomaliza. “Chidindo chokha ndiye chachepa. Tsopano, umalumikizana ndi zipatala ziti?”

“Chipatala changa ndi chino mwaimamo.”

“Chimodzi basi?”

“Odwala ake amandikwanira.”

“Ha! Dokotala weniweni amakhala ndi zipatala kumbuyo kwake, ngati mmene munthu wapabanja amakhalira ndi ankhoswe. Zikalakwika tikagwira ndani? A Omar?”

Apo anapisa m'thumba la jekete natulutsa khadi lija. Analigwira ndi manja awiri ngati mbale ya mgonero.

“Ili umalandira?”

“Kuno simulipira kanthu, atate. Chithandizo ndi chaulere.”

“Sindinafunse za ulere. Ndati umalandira?”

“Sitilandira, chifukwa palibe choti tilandire.”

Anatembenukira kwa ine ndi a Bwanali, nkhope ikuwala ngati munthu wapambana mlandu. “Mwadzimvera nokha. Wakana.”

Ndinagwada pasimenti. “Apongozi, chonde. Dzanja likufa. Khadilo mudzagwiritsa ntchito tsiku lina, tikadzadwala malungo tonse tidzabwera kwa inu.”

“Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi,” anatero. “Mankhwala aulere ndi a matenda aulere. Ili ndi dzanja la mmisiri, likufunika spesholisiti, katswiri weniweni. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Uyu ndi mlendo? Uyu tinamuona akutuluka mamina.”

Latifa anangowadutsa. Anapita pabedi n'kuwerama pafupi ndi amuna anga. “A Solomoni, mukundimva? Dzanja ndi lanu. Mukavomera inuyo, ine ndiyamba pompano, sindifunika chilolezo cha munthu wina.”

Amuna anga anayang'ana dokotala, anayang'ana ine, kenako anayang'ana atsibweni awo. Anthu inu, a Josephat ndi amene anawalera. Ndi amene anawagulira sowo yoyamba ndi pulena. Chibadwire a Solomoni anali asanawayankhepo kuti ayi. Thukuta lili chuchuchu, ananong'ona kuti, “Zimene anene atsibweni.”

Mtima wanga unaphulika. Ndinaiwala zoti ndi apongozi. Ndinati, “Kodi zitseko amakhoma ndi dzanja la atsibweni? Ana anga adzadya khadi?”

A Josephat sanakweze mawu. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. “Chabwino, mayi. Lamula ndiwe. Koma akafera patebulo la mtsikanayu, maliro udzawanyamula wekha kubwera nawo kwathu, ndipo udzawafotokozera amake kuti atsibweni analetsa koma ine ndinakakamira.”

Ndani mkazi wa kuno amene sadziwa tanthauzo la mawu amenewo? Akanati ndapha mwana wa eni ndine, ndiye ndinagonja.

Latifa anayesabe. Anawachonderera, anawaopseza, anaitana ngakhale mkulu wa anesi kuti alankhule nawo. Koma munthu wamkulu wamaganizo ake sungamumange pabedi. Pomaliza anamanga dzanjalo bwinobwino pa kathabwa, nandipatsa mapilisi, n'kundigwira paphewa. “Zala zikayamba kuda, bwererani. Akuletseni ndani, bwererani.”

A Bwanali anakana kutinyamula. Anati, “Galimoto yanga inabweretsa wovulala kuchipatala. Yochotsa wovulala kuchipatala mufune ina, mdala.” A Josephat anang'ung'udza kuti amasitolo amakonderana, n'kupita kumsika kukafuna lole.

Ulendo wa ku Vubwi nthawi ya mvula, musaufune. Lole inatifikitsa ku Chadiza, kupitirira apo inatitimira m'matope mpaka m'mimba. Kutsogolo mtsinje unali utadzaza, tinadikira kuti uphwe. Nkhondo ya ku Mozambique inali itavuta masiku amenewo, ndiye panjira panali asilikali ofunsa zitupa. Anthu onse ankaonetsa marejisitireshoni awo, a Josephat ankaonjezapo ndi khadi lobiriwira lija, mpaka msilikali wina anawafunsa ngati ndi la chipani chatsopano. Tinagona m'njira kwa anthu achifundo, ndipo si kamodzi. Mapilisi anatha. Amuna anga thupi linatentha, anayamba kuyankhula ndi anthu amene anamwalira kale. Ndinasuzumira kunsonga kwa bandeji, zala zinali zitayamba kuda. Ndinawauza a Josephat kuti dokotala anati tibwerere.

“Dokotala uti?” anatero. “Kwa dokotala ndiye tikupita.”

Ndikanabwerera nawo bwanji ndekha, munthu wosatha kuima, kumbuyo kuli mtsinje? Ndinangolira chamumtima, n'kumawapukuta nkhope ndi chitenje chonyowa. Chigawo chomaliza tinayenda pangolo ya ng'ombe.

Tinafika masana pa famu ya fodya. Pachipata panali chikwangwani chachikulu kuposa chitseko cha tchalitchi. Pamwamba panali dzina, Dokotala Gabriel Sakala, ndipo zilembo zotsatira dzinalo zinali zambiri kuposa dzina lenilenilo. Pansi pake panali mayina a zipatala zimene ankalumikizana nazo, za ku Kitwe, ku Ndola, ku Lusaka, china cha ku Mangalande. Pansi penipeni analemba ndi utoto wofiira kuti khadi la opuma pantchito limalandiridwa pano. A Josephat anaimitsa ngolo. Anatsika, navula chipewa, n'kutiwerengera chikwangwani chonsecho mokweza, mzere ndi mzere, amuna anga ali kwala m'ngolo, ntchentche zikuzungulira bandeji.

“Waona, mayi? Uyu ndiye dokotala.”

Dokotalayo anatulukira kuchigafa cha fodya atavala magambutsi. Anali mdala waimvi, wankhope yabwino. Atawaona a Josephat anafuula, “Josephat wa pakhomo! Ukadali moyo?” Anakumbatirana, nafunsana za anthu a ku migodi, uje anamwalira, uje anakwatiranso. Anatilowetsa m'kachipinda kake. Kumeneko ndiye kunali khoma lolankhula lija, mafelemu okhaokha mpaka kudenga. A Josephat anapereka khadi ndi manja awiri. Mdalayo anasangalala ngati mwana. Anati chitsegulire malowo palibe anabwerapo nalo khadi limenelo. Anafunafuna chidindo m'madirowa, anachipeza chitauma, anachiuzira mpweya, n'kudinda ndi mphamvu zake zonse. A Josephat anatseka maso ngati akupemphera.

Kenako dokotala anatenga chomvera pachifuwa. Anatsegula malaya a amuna anga, namvetsera kutsogolo, namvetsera kumsana, nagogoda ndi zala.

“Mapapo abwino kwambiri awa. Kukanakhala ku migodi, ndikanamulemba ntchito lero lomwe. Thupi lokha ndiye latentha. Chavuta n'chiyani?”

Sindinadikire kuti apongozi ayankhe. Ndinachotsa chitenje chimene ndinafunditsa dzanjalo, n'kumasula bandeji ndekha. Fungo linadzaza chipinda chonse. Dzanja linali bii mpaka kupitirira pamfundo, litatupa ngati chipika.

Mdala uja anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda khoma, felemu imodzi n'kupendekeka. Kuseka konse kunatha.

“Mayo ine! Josephat, wandibweretsera chiyani? Ine ndine dokotala wa chifuwa. Unkandiona zaka zonse zija ndikuyang'ana zithunzi za mapapo a anthu a pansi pa mgodi. Zilembo zonse zili panjazo ndi za mapapo. Mpeni ndinaugwira komaliza ndili pasukulu.”

“Koma zipatala zanu zija, adokotala, za ku Kitwe, za ku Mangalande…”

“Zimanditumizira makalendala! Munthu wovulala chonchi, tonse kuno timathamangira naye kwa Dokotala Omar ku Katete. Palibenso wina. Kodi inu si a ku Mkaika? Mwamudutsa bwanji?”

Ine ndinkayembekeza kuti mwina apa munthu agwetsa nkhope. A Josephat anakonza tayi.

“Salandira khadi,” anatero.

Dokotala Sakala anawayang'ana nthawi yaitali. Anabaya amuna anga jakisoni, nakatulutsa landirova yake yakale m'shedi, n'kutiyendetsa yekha kubwerera ku Katete, magambutsi ali kuphazi. Njira yonse ankangoguguda chiwongolero n'kumati, “Josephat, Josephat iwe.” Mdala ameneyo ndilibe naye mlandu.

Latifa atationa sanatikalipire. Bwenzi atatikalipira, mwina mtima wanga ukanapepukako. Anangoyang'ana dzanjalo, nayang'ana ine, n'kuuza a Ottilia kuti akonze chipinda cha opaleshoni. Ulendo uno palibe anafunsa za sutikesi. Atatuluka anadzakhala pafupi nane pabenchi, maso ali psuu.

“Pepani, amayi. Ndadula pamwamba pa chigongono. Moyo wokha ndiye tapulumutsa.”

Ndinalira mokweza, osasamala kuti pali anthu. Ndinalirira dzanja lija, ndinalirira ana anga, ndinalirira ngolo imene inatsala pakhomo yopanda matayala. A Josephat anali panja pansi pa mtengo wa mango, akuonetsa alonda chidindo chatsopano.

Mukudziwa mmene nkhaniyi inafikira kumudzi? Inafika itavala jekete. A Josephat ankafotokoza kuti mtsikana wa a Omar ankafuna kuthamangira mpeni tsiku loyamba lomwelo, iwo n'kukana. Anapita ndi mphwawo kwa spesholisiti wodziwika mpaka ku Mangalande. Spesholisitiyo anamuyeza bwinobwino, nadinda khadi, nawanyamula pagalimoto yake, n'kukamulamula mtsikanayo chochita. “Timati rifero imeneyo,” ankatero. “Munthu wopanda khadi sangaione.” Anthu ankagwedeza mitu. Kutchalitchi anapempherera a Josephat kuti Mulungu awaonjezere nzeru. Ine ndikati nditsegule pakamwa, azimayi anzanga ankanditsina n'kumati, “Iwe, mwamuna wako ali moyo, ukufunanso chiyani?”

A Solomoni anabwera kunyumba ataonda, osalankhula. Ankakhala pakhonde n'kumayang'ana zida zawo. Tsiku lina ndinawapeza atapana thabwa ndi mawondo, akuyesa kupala ndi dzanja lamanzere. Pulena inkangoterereka. Atandiona anaibisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Ndinalowa m'nyumba kuti asaone nkhope yanga.

Bala litapola, amayi awo, a Eunice, anatuma uthenga kuti mbumba ikumane kwa a Josephat, mwana akathokoze atsibweni ake. Anati tibwere ndi nkhuku. Ndinasankha yokalamba kwambiri, yoti ngakhale mphamba ankaidutsa.

Anthu anadzaza pabwalo, amuna pamipando, ife akazi pamphasa. A Josephat anakhala pakati, tayi ili pakhosi. A Eunice analankhula nthawi yaitali za mwayi wokhala ndi mlongo wodziwa zinthu. Wina anaonjeza kuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Nkhuku inaperekedwa. Kenako a Eunice anati, “Solomoni, thokoza atsibweni ako.”

Amuna anga anadzuka, napita kutsogolo, nanjuta pamaso pa a Josephat monga anawaphunzitsira ali mwana. Anaweramitsa mutu. Anakweza dzanja lamanzere kuti awombe m'manja, kachitsa ka kumanja nako kanadzuka m'kati mwa malaya kukakumana nalo. Dzanja linadutsa mumphepo. Anayesanso kachiwiri, ngati sakukhulupirira. Pabwalo ponse panalibe ngakhale wotsokomola. Anakhala choncho dzanja lili m'mwamba, akuliyang'ana, misozi ikutsikira m'ndevu.

A Josephat anasuntha pampando. “Palibe kanthu, mphwanga, palibe kanthu. Mkazi wako alipo. Mayi, tawombera amuna ako.”

Maso onse anatembenukira kwa ine. A Eunice anandikodola ndi mutu. Mnzanga wina anandigunda ndi chigongono.

Ndinadzuka pang'ono pamphasa, ndinaika manja anga onse awiri pansi, n'kuwakhalira.